Mbale Imene Ndinaipala

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene amalume anga, a Yesaya, anabwerera kuchokera ku nkhondo ya ku Bama. Anatsika lole pa Nsipe, nakwera chitunda wapansi mpaka kumudzi kwathu, bokosi lachitsulo lili pamutu. Bambo anga anali ku migodi ya ku Joni ndipo anali ataleka kulemba makalata. Choncho amalumewa ndiwo anali mwini mbumba, woyang'anira amayi, ine Simeoni, ndi mlongo wanga Esinati amene anali ndi zaka zisanu ndi chimodzi.

Anthu anadzaza pakhonde kudzaona zimene zituluke m'bokosimo. Munatuluka bulangete, jekete la usilikali, kabotolo ka mapiritsi achikasu a malungo, ndi chinthu china chokulungidwa pa ndodo ngati kamphasa. Amalume anachikoleka pa msomali, chinatambasuka chokha. Kutsogolo kwake kunali nsalu yopyapyala yachikasu, yoterera. Ataikweza nsaluyo, phokoso lonse linatha.

Panali munthu atakhala chopinda miyendo pamwamba pa duwa lalikulu. Thupi lake lonse linali la buluu, wozama kuposa buluu amene amayi ankasungunula m'madzi pochapa malaya a kutchalitchi. Anafunda nsalu yofiira, phewa limodzi lili pamtunda. Dzanja lamanja linatsikira pa bondo, chikhatho chili poyera, zala zitagwira kanthambi ka masamba ndi zipatso. Dzanja lamanzere linali pamiyendo, litanyamula mbale yodzaza. Momuzungulira munali ena asanu ndi awiri ang'onoang'ono, okhala monga iye. Maso ake anali otsinzina pang'ono, ngati a munthu amene akumvetsera wodwala akufotokoza pamene pakupweteka. Chithunzicho chinkanunkha utsi ndi mafuta a mkaka okhalitsa.

Woyamba kuyankhula anali a Gidiyoni, mkulu wa mpingo, munthu wamtali amene ankayenda ndi ndodo ngakhale miyendo yake inali yabwinobwino.

“A Yesaya, mwatibweretsera chiyani?”

“Ndi chithunzi, akulu. Anthu a m'mapiri a ku Tibeti, kumpoto kwa Indiya, amati ameneyu ndi sing'anga wamkulu. Amati m'mbalemo muli mankhwala a nthenda zonse.”

Mawu amenewo ndinawasunga. Ena onse anamva zina.

Amalume anafotokoza kuti kunkhondo ntchito yawo inali yonyamula ovulala pa machira. Atadwala iwo eni, anagonekedwa m'chipatala cha asilikali ku Indiya, ndipo pa bedi loyandikana nalo panali munthu wa ku Tibeti amene ankayendetsa nyulu zonyamula katundu. Sankamvana chinenero kupatula timawu towerengeka. Munthuyo atalephera kudzuka, amalume ankamumwetsa madzi. Tsiku loti amwalira mawa lake, anatulutsa chithunzicho kunsi kwa bedi n'kuwapatsa, poti analibe wina womusiyira.

“Ndiye kuti munapita Mkhristu, mwabwera ndi mulungu wa abulu,” anatero a Gidiyoni. Anthu anaseka, koma kuseka kwake kunali kouma.

A Gidiyoni anachitembenuza ndi nsonga ya ndodo. Kumbuyo kunali zilembo zitatu zofiira, chimodzi pansi pa chinzake, zoti palibe anatha kuziwerenga. Mayi wina anakuwa kuti amenewo ndi magazi.

“Zitatu,” anatero a Gidiyoni pang'onopang'ono. “Kodi kunyumba kwa mlongo wanu kuli anthu angati?”

Ndinaona amayi akumukokera Esinati kumbuyo kwawo.

Sabata yomweyo amalume anaimitsidwa ku Mgonero mpaka atatentha fanolo. Anakana. Anati salipembedza, koma munthu wakufa anawasungitsa, ndipo chosungitsa cha wakufa sachiponya pamoto. Kuyambira pamenepo mudzi unawatembenukira. Anawapatsa dzina loti Chibuluu. Amayi opita kuchitsime anatsegula njira yatsopano m'thengo kuti asadutse pakhomo pawo. Akapereka moni, anthu ankayang'ana chimanga. Amayi anga anandiuza kuti akadzandiona ndikulowa m'nyumba imeneyo adzandithyola miyendo.

Ndinkalowabe. Amalume ankandiphunzitsa kutchera mfuko m'munda wa mbatatesi, ndipo m'mawa ndikawapeza asanatuluke, ndinkaona zimene ankachita. Ankatsitsa chithunzicho kudenga, kuchikoleka, kukhala pa kampando n'kumangochiyang'ana. Sankagwada, sankanena kanthu. Kenaka ankachikulunga n'kutenga khasu.

“Amalume, mumapemphera?” ndinafunsa tsiku lina.

“Ayi. Ndimangoona mmene wakhalira. Ine ndinkanyamula anthu akukuwa, manja anga akunjenjemera. Taona ake.”

Sindinamve zimene ankatanthauza. Maso anga anali pa mbale.

Mvula itafika pakati, Esinati anadwala malungo. Thupi linkatentha ngati phale, ndipo pa tsiku lachitatu anayamba kubwebweta. Chipatala cha mishoni chinali ulendo wa tsiku lathunthu, ndipo mtsinje unali utadzaza moti ngakhale amuna sankawoloka. Amalume anabwera ndi kabotolo kaja, naima pabwalo mvula ikuwanyowetsa.

“Make Simeoni, m'patseni theka m'mawa, theka madzulo. Amenewa ndi mankhwala a boma, tinkamwa tonse.”

“Achimwene, chotsani zimenezo pakhomo panga. Zinagona bokosi limodzi ndi chinthu chija.”

“Mwanayu afa.”

“Mwayamba kulosera? Ndiye mwayamba ndi wamng'ono?”

Amayi anawalanda kabotoloko n'kukhuthulira mapiritsi onse m'matope. Ndinaona madzi a mvula akusanduka achikasu. Amalume anatola botolo lopanda kanthu, nabwerera.

Ndiyenera kufotokoza mmene mutu wanga unayendera, osati podzichotsera mlandu, koma kuti zimveke. Kwathu mankhwala ndi chinthu chopala. Muzu umapalidwa, khungwa limapalidwa, zopalazo n'kuziviika m'madzi kapena kuzithira m'phala. Sindinaonepo munthu atachira chifukwa choyang'ana chinthu. A Gidiyoni anati chithunzicho chili ndi mphamvu, ndipo ndinawakhulupirira. Amalume anati munthuyo ndi sing'anga, ndipo ndinawakhulupiriranso. Ndinaona kuti akuluakulu onse ndi opusa: ena akuopa mankhwala, wina akungowayang'ana, pamene mlongo wanga akupsa pa mphasa.

Mawa lake masana, amalume ali kumunda, ndinatenga lezala limene bambo anasiya litatsomekedwa ku udzu wa denga, ndi kachidutswa ka tsamba la nthochi. Ndinalowa m'nyumba mwa amalume, ndinatsitsa chithunzicho, ndinachiyala pansi. Nkhope ndinaiphimba ndi nsalu yachikasu ija chifukwa sindinafune kuti andione. Ndinayamba kupala mbale. Utotowo sunamatuke ngati penti. Unkachoka ngati mchenga wosalala, wabuluu, wonyezimira pang'ono. Ndinapala mpaka panaoneka nsalu yoyera, ndipo zotsalira ndinazikokolola ndi chikhadabo cha chala chachikulu. Ndinakulunga chithunzicho n'kuchibwezera kudenga.

Amayi atapita kukatunga madzi, ndinathira ufawo m'phala limene Esinati analikana m'mawa. Ndinamudzutsa, ndinamutsamiritsa pachifuwa panga.

“Achimwene, muli mchenga,” anatero atameza kamodzi.

“Imwa. Ukamaliza uchira, tikathyola masuku.”

Anamaliza chifukwa ndinali ine.

Dzuwa lisanalowe anasanza. Amayi anaona buluu pa chitenje, namutsegula pakamwa, naona buluu pa lilime. Kukuwa kwawo kunasonkhanitsa mudzi wonse. Palibe amene anandifunsa kanthu. Ndinaima pakona, chala chachikulu nditachifumbata m'nkhonya, chifukwa utoto unali utalowa pansi pa chikhadabo ndipo sunkachoka ndi madzi kapena mchenga. Esinati anamwalira patapita masiku awiri, m'mawa, mvula itakata.

Amalume anabwera pamaliro atanyamula bulangete lawo la usilikali kuti akulungire mwanayo, monga mwini mbumba. A Gidiyoni anawatchinga ndi ndodo.

“Musanayandikire, tione kaye mnzanu uja.”

Anyamata awiri anathamangira kunyumba kwa amalume, nabwera nacho, nachiyala pabwalo pamaso pa anthu onse. Munthu wabuluu anali chikhalire, dzanja lili pa bondo, kanthambi kali m'zala. Koma pamiyendo pake, pamene panali mbale yodzaza, panali poyera.

“Taonani! Tsiku lija inali yodzaza, tonse tinaona. Lero yatha. Zapita kuti?”

Amayi anatuluka m'nyumba ya siwa, nawagwera amalume ndi zibakera pachifuwa. “Mwandidyera mwana! Mimba imodzi ine ndi inu, mwandidyera mwana!”

Amalume sanatchinge. Amayi atagwidwa ndi anzawo, iwo anagwada n'kuyang'anitsitsa pamene panali mbale. Mizere ya lezala inkaoneka bwinobwino. Anadzutsa mutu, nayang'ana anthu mmodzimmodzi mpaka anafika pa ine. Sanayang'ane nkhope yanga. Anayang'ana nkhonya yanga.

“Tiuzeni,” anatero a Gidiyoni, “alipo wina amene amalowa m'nyumba mwanu?”

Ndikanangotsegula dzanja basi.

“Palibe,” anatero amalume.

Anthu anachitentha chithunzicho pomwepo. Nsalu yachikasu ija inayaka ndi fungo la tsitsi lopserera, monga silika aliyense amachitira, koma ife sitinkadziwa silika. “Mwamva?” anthu ankauzana, atagwira mphuno. “Tsitsi la munthu.” Boma linkaletsa kutchula munthu mfiti, choncho palibe amene analitchula liwulo. Sanafunikire kulitchula. Amalume analetsedwa kupita kumanda. Bulangete lawo linatsala pabwalo mpaka agalu analikoka. Tsiku lometa lisanafike, wina anawazulira mbatatesi zonse zisanakhwime, wina anathyola chitseko. Amalume anasenza bokosi lawo lachitsulo, natsikira kuchigwa, ku Kasinje, kumene mnzawo wina wa kunkhondo anawapatsa malo olima mpunga. M'nyumba mwathu dzina lawo silinatchulidwenso.

Chikhadabo chinakula, ndinachiwenga, buluu anatha. Ndinakhala mwana wabwino. Ndinkakhoza kusukulu, ndinkaimba kwaya, ndipo a Gidiyoni ankandiloza pouza ana ena kuti azitengera ine.

Ndili ndi zaka khumi ndi zisanu, pa tchuthi, ndinanamiza amayi kuti ndikupita kwa mnzanga ku Manjawira, koma ndinatsikira ku Kasinje. Ndinawapeza amalume ali m'madzi ofika m'mawondo, akuzula udzu mu mpunga. Anali ataonda, ndipo malungo a kuchigwa anali atawayezula maso. Sanatuluke m'madzimo kudzandipatsa moni.

“Amalume, ndinali ine.”

“Ndikudziwa. Chikhadabo.”

“Nanga bwanji simunanene?”

Anaponya udzu pa mzere. “Amako anali ndi ana awiri. Wina anali atagona pa mphasa. Ndikanawalanda ndi winayo?”

Ndinafunsa funso limene ndinali nditalisenza zaka zinayi. “Kodi ndi zimene zinamupha?”

“Sindikudziwa. Malungo aja akanatha kumupha okha. Utoto uja ndi mwala wopera, ndipo mwala sadyetsa mwana wodwala. Wabwera kuti ndikuuze kuti ulibe mlandu, ukwere chitunda wopepuka? Ndinanama kamodzi chifukwa cha iwe. Kachiwiri ayi.”

Ndinalira. Anandisiya ndilire, iwo akuzulabe udzu.

“Ndichite chiyani, amalume?”

“Wandiuza ine amene ndikudziwa kale. Zimenezo n'zosavuta. Woyenera kumva sali kuno.”

Anandipatsa mpunga wophika ndi mchere, nandiloza njira yachidule. Ndinafika kunyumba, ndinapeza amayi akusenda nyemba, ndinakhala pafupi nawo, ndipo ndinawauza kuti mnzanga wa ku Manjawira akupereka moni.

Ku koleji ya aphunzitsi, m'chipinda cha mabuku, ndinakumananso ndi munthu wabuluu uja m'buku lina lofotokoza za anthu a ku Asiya. Ndinatseka bukulo, ndinatuluka panja, kenaka ndinabwerera. Ndinawerenga kuti amamutcha Buda wa machiritso, ndipo asanu ndi awiri aja ndi anzake pa ntchito yomweyo. Ndinawerenga kuti wojambula sajambula za m'mutu mwake: amayamba wayeza ndi ulusi, chiwalo chilichonse ndi muyeso wake, monga anaphunzirira kwa mphunzitsi wake. Amapera miyala masiku ambiri kuti apeze utoto, ndipo maso amawajambula pomalizira penipeni. Zilembo zitatu zija, kumbuyo kwa mphumi, kwa khosi ndi kwa mtima, ndi mdalitso, kuti thupi, mawu ndi maganizo zikhale zoyera. Sanali maina athu. Wodwala kapena wodwazika amakhala patsogolo pa chithunzicho, kuchiyang'ana ndi kupemphera, kuti mtima ukhazikike. Mankhwala akumwa amakatenga kwa sing'anga wamoyo. Munthu wina amene sindidzamudziwa anakhala miyezi akudzaza mbale ija, ndipo ine ndinaikhuthula nthawi yosakwana kuphika phala.

Ndinadziwa zonsezi, ndinalemba mayeso, ndinayamba kuphunzitsa, ndinakwatira. Amayi sindinawauze.

Mkazi wanga Elube anamwalira miyezi inayi yapitayo pobereka, pamodzi ndi mwana. Za iye sindilemba zambiri pano. Chofunika pa nkhani ino n'chakuti matenda atayamba, azakhali ake anafuna kuti achirire kumudzi kwa azamba, koma ine ndinakakamira kuti apite kuchipatala, ndipo ndi kumeneko anatsirizikira. Pamaliro, amalume ake anaimirira pamaso pa anthu.

“Aphunzitsi, sukulu yanu ija yathera pamenepa? Tinakupatsani mwana wamoyo. Tinakuuzani kuti mumusiye m'manja mwa amayi ake. Inu munamutengera ku mipeni.”

Ndinali ndi mayankho. Ndikanatha kufotokoza za magazi, za mtunda, za maola amene tinataya pokangana. Ndinayang'ana amake a Elube atagona pa dothi, ndipo ndinaona kuti mayankho angawo sakanawadzutsa. Ankafuna munthu woti chisoni chawo chimugwere, ndipo ine ndinali pafupi. Ndinakhala chete. Sanandilole kuponya dothi m'manda.

Patapita sabata ndinali kwathu. Amayi ankasankha mbewu ya mbatatesi pakhonde, akulalata.

“Anthu opanda chisoni. Kumunamizira munthu pa maliro a m'nyumba mwake momwe! Mulungu akuwaona. Iwe bwanji sunawayankhe? Unangokhala ngati wolakwa.”

“Amayi, a Yesaya nawonso sanayankhe.”

Dzanja lawo linaima m'dengu. Zaka khumi ndi zitatu dzinalo linali lisanamveke pakhonde limenelo.

Ndinawauza zonse, mwa dongosolo lake, monga ndalembera pano: tsamba la nthochi, phala, mawu a Esinati akuti muli mchenga, nkhonya yanga, ndi bodza la amalume. Sanandidule mawu. Nditamaliza anabwezera m'dengu mbatatesi imene inali m'manja mwawo.

“Lezala unalitenga kuti?”

“Kudenga. La abambo.”

“Ndinalifunafuna,” anatero. Kenaka: “Choka pamaso panga.”

Ndinachoka. Patapita masiku atatu, mnansi wathu anandiuza kuti amayi anamanga mbatatesi m'dengu, nafunsa njira yachidule ya ku Kasinje, nanyamuka okha mbandakucha. Mpaka lero sanabwerere. Amene amachokera kumeneko akuti anawaona akupuntha mpunga pabwalo la amalume, awiriwo osayankhulana kwenikweni. Zimene anauzana sindikuzidziwa. Kwa ine sanatumize mawu.

Ndili mwana ndinkaganiza kuti machiritso ali m'mbale, ndipo wokonda mnzake ndi amene amachita kanthu msanga. Tsopano ndikuona kuti amalume ankayang'ana dzanja, lija lotsikira pa bondo, lotsegula, losanjenjemera. Ankaphunzira kukhala pafupi ndi ululu wa munthu wina osauthawa ndiponso osaubwezera. Ine ndinausenza mlandu wosakhala wanga tsiku limodzi, ndipo ndinatsala pang'ono kuthyoka. Iwo anasenza wanga zaka khumi ndi zitatu, m'madzi a kuchigwa, ndipo mwa ife awiri amene ankatchedwa mwana wabwino ndinali ine.

Ndalemba izi ndi maina ake kuti a kumudzi kwathu amene akali moyo awerenge, kapena awerengeredwe. A Yesaya sanadye mwana wa mlongo wawo. Anabwera ndi mapiritsi, anabwera ndi bulangete, ndipo atafunsidwa anati palibe. Analipo wolowa m'nyumba muja. Dzanja ndalitsegula mochedwa, koma ndi ili.